Medical aid ikukana kulipira mankhwala opaka m'mawondo: kodi akundibera?

Funso: Ndine mayi wa zaka 58, ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo mwezi uliwonse amandidula ndalama ya medical aid. Mawondo akhala akundiwawa kwa zaka ziwiri, makamaka potsika masitepe ndi podzuka pampando. Dokotala anati ndi nyamakazi ndipo anandilembera Voltaren yopaka. Itatha ndinkangopita ku famase n'kukatenga ina, khadi n'kumalipira. Kuyambira mu Julayi akuti ndizilipira ndekha, koma akuti dokotala akandilembera mapiritsi a diclofenac khadi ilipira. Mnzanga wa kutchalitchi nayenso ali ndi nyamakazi, koma amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi osatulutsa kalikonse. Kodi akundibera? Ndingosinthira ku mapiritsiwo? Ndimamwanso mankhwala a BP. Komanso ndimafuna ndizitenga machubu owonjezera pa khadi yangayi kuti ndiziwatumizira amayi anga ku Dedza.

Yankho: Mayi, funso lanuli ndimakumana nalo pafupifupi sabata iliyonse pa kauntala ya famase imene ndimagwirako ntchito kuno ku Gauteng. Munthu amandipatsa khadi, ndimalowetsa nambala mu kompyuta, ndipo pasanathe mphindi yankho limabwera lakuti a medical aid akana. Nkhope ya munthuyo imagwa pomwepo. Ena amandiyang'ana ngati ndalama yawo ndadya ndine, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa kudulidwa malipiro chaka chonse kenaka n'kuuzidwa kuti kachubu kamodzi mulipire nokha ndi chinthu chowawa.

Mwa zimene mwalongosolazi, sindikuona kuti akukuberani. Koma ndikuona kuti palibe amene anakhala nanu pansi n'kukufotokozerani mmene khadi yanu imagwirira ntchito, ndipo chifukwa cha zimenezo mwatsala pang'ono kuchita chinthu chimene chingakuvulazeni, chomwe ndi kusiya mankhwala opaka n'kuyamba mapiritsi chifukwa choti ndi amene akulipiridwa. Musachite zimenezo musanamve zonse.

Chimene chikutisokoneza poyamba ndi liwu lakuti nyamakazi. Kwathu chilichonse chowawa molumikizana mafupa timachitcha nyamakazi: bondo la agogo, chala chachikulu cha kuphazi cha amalume chimene chimatupa usiku akabwera ku ukwati kumene anadya nyama yambiri ndi kumwa mowa, ndiponso manja a mayi wa zaka 30 amene m'mawa amalephera kumanga mabatani a bulauzi. Kwa dokotala amenewa ndi matenda atatu osiyana kotheratu. Oyambawo ndi osteoarthritis, pamene chicherewecherewe chimene chimakuta nsonga za mafupa chimaperepeseka pang'onopang'ono. Achiwiriwo ndi gout, amene amabwera chifukwa cha kuchuluka kwa uric acid m'magazi. Achitatuwo ndi rheumatoid arthritis, pamene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kuwononga mfundo za mafupa. Ndipo kwa a medical aid amenewa ndi manambala atatu. Bilu iliyonse imene dokotala kapena famase imatumiza imakhala ndi nambala ya matenda yochokera m'buku lotchedwa ICD-10. Osteoarthritis ya m'bondo ndi M17, gout ndi M10, rheumatoid arthritis ndi M05 kapena M06. Kompyuta ya a medical aid sidziwa kuti mukulephera kugwada popemphera. Imaona nambala yokhayo.

Nambalayo ndi yofunika chifukwa cha lamulo la dziko lino la South Africa lotchedwa Medical Schemes Act, lamulo nambala 131 la mu 1998. Lamuloli limanena kuti pali matenda ena amene medical aid iliyonse yolembetsedwa iyenera kulipira, ngakhale munthu atakhala pa pulani yotsika mtengo kwambiri. Amawatcha Prescribed Minimum Benefits, mwachidule PMB. Mkati mwake muli mndandanda wa matenda okhalitsa oposa 25, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2004. Pa mndandandawu pali shuga, BP, mphumu, khunyu, HIV, lupus, ndiponso rheumatoid arthritis. Osteoarthritis palibe. Gout palibenso. N'chifukwa chake mankhwala anu a BP ayenera kuti amalipiridwa bwinobwino chaka chonse pamene a mawondo akukanidwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mnzanu wa kutchalitchi uja ali ndi rheumatoid arthritis kapena ali pa pulani yokwera mtengo imene inawonjezera matenda ena pa mndandanda wake. Mapulani ena otero amaikapo osteoarthritis mwa kufuna kwawo, koma lamulo siliwakakamiza.

Ineyo sindigwirizana nazo kuti matenda amene amalepheretsa anthu ochuluka chonchi kuyenda ndi kugwira ntchito anasiyidwa kunja. Amayi ambiri amene ndimawathandiza amagwira ntchito yoimirira tsiku lonse, ena yogwada pokolopa, ndipo bondo ndilo khasu lawo. Koma lamulo lili mmene lililimo, ndipo kudziwa pamene laima kumakuthandizani kuti musataye mphamvu pomenyera chimene simungapambane.

Kuwawa potsika masitepe ndi podzuka pampando, pa msinkhu wanu, kumafanana kwambiri ndi osteoarthritis. Ngati ndi choncho, ndalama ya chubu chanu imachokera ku thumba la zinthu za tsiku ndi tsiku. Ganizani za medical aid ngati mayi amene ali ndi timatumba tingapo m'chitenje. Thumba lalikulu ndi la chipatala ndi matenda a PMB, ndipo limenelo ndi la mamembala onse pamodzi. Pali kathumba kena kamene mapulani ambiri amakatcha savings. Ndalama ya mmenemo ndi yanu yomwe, yodulidwa pa zimene mumapereka, ndipo lamulo silola kuti ipitirire 25 peresenti ya zopereka zanu. Ambiri amakupatsirani ya chaka chonse mu Januwale, ndiye anthu amaona ngati khadi ikulipira chilichonse, mpaka kathumbako kauma pakati pa chaka. Mapulani ena alibe savings koma ali ndi malire a ndalama pa mtundu uliwonse wa chithandizo: zakutizakuti za dokotala, zakutizakuti za mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndi kandalama kochepa kwambiri ka mankhwala ogula popanda kalata ya dokotala.

Apa ndi pamene ndikuganiza kuti nkhani yanu yagona. Mwanena kuti chubu choyamba chitatha munkangopita ku famase n'kukatenga china. Voltaren yopaka, imene mankhwala ake ndi diclofenac, imagulidwa popanda kalata, choncho nthawi iliyonse imene munkaitenga pa kauntala, bilu inkapita ku kathumba kakang'ono kaja ka mankhwala odzigulira. Kameneko ndi kamene kanatha mu Julayi. Thumba la mankhwala olembedwa ndi dokotala likadali ndi ndalama, n'chifukwa chake akukuuzani kuti mapiritsi alipira. Palibe amene anaunika thupi lanu n'kuona kuti mapiritsi ndi abwino kwa inu. Ndi nkhani ya matumba basi.

Ndiye choyamba kuchita n'chophweka. Imbani foni ku medical aid yanu, nambala ili kuseri kwa khadi, ndipo mufunse kuti bilu ya mu Julayi inakanidwa pa chifukwa chanji kwenikweni. Musavomere yankho lakuti "sitilipira zimenezo". Afunseni ngati diclofenac yopaka ingalipiridwe kuchokera ku thumba la mankhwala olembedwa ndi dokotala mutabweretsa kalata yokhala ndi nambala ya matenda. Mapulani amasiyana pamenepa: ena amalipira kalata ikakhalapo, ena amawerengabe mankhwalawo ngati odzigulira ngakhale dokotala atalemba. Afunseninso ngati pulani yanu ili ndi mndandanda wowonjezera wa matenda okhalitsa, ndipo ngati osteoarthritis ilipo. Lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala imene amapereka ya nkhani yanuyo. Paja safunsa anadya phula. Ndaonapo anthu akulipira okha kwa miyezi isanu chinthu chimene pulani yawo ikanalipira akanangodzaza fomu imodzi.

Chachiwiri, ku famase musamatchule dzina lakuti Voltaren lokha. Voltaren ndi dzina la malonda, mankhwala enieniwo ndi diclofenac, ndipo alipo makampani ena amene amapanga mankhwala opaka omwewo (gel) pa mtengo wotsikirapo. Lamulo la mankhwala la dziko lino limatilamula ife a famase kuti tizimuuza wodwala za mankhwala ofanana otsika mtengo. A medical aid ambiri amalipira mpaka pa mtengo wa otsikawo, ndipo mukaumirira dzina lodziwika mumawonjezera nokha. Nenani kuti, "Ndipatseni diclofenac gel yotsika mtengo imene muli nayo, chubu chachikulu." Chubu chachikulu nthawi zambiri chimatsika mtengo mukawerengera pa galamu.

Tsopano za mapiritsi, ndipo pano ndikupemphani mumvetsere bwino, mayi. Diclofenac, ibuprofen, naproxen ndi aspirin ndi a banja limodzi. Amachepetsa ululu ndi kutupa potseka kapangidwe ka timadzi tina ta m'thupi totchedwa prostaglandin. Vuto ndi lakuti timadzi tomweto ndi timene timateteza khungu la mkati mwa chifu kuti lisapse ndi asidi, ndiponso timathandiza kuti magazi azifika bwino mu impso. Mukameza piritsi, mankhwala amazungulira thupi lonse kuti kagawo kochepa kafike pa bondo. Chifu chimatha kuchita zilonda ndi kutaya magazi, impso zimafooka, thupi limasunga madzi ndi mchere, BP imakwera, ndipo chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimawonjezeka. Inu muli kale ndi BP. Ngati pa mankhwala anu pali enalapril kapena losartan pamodzi ndi piritsi lokodzetsa ngati hydrochlorothiazide, kuwonjezerapo diclofenac wakumwa tsiku ndi tsiku ndi kusakaniza kumene madokotala a impso amakuopa kwambiri.

Gel yopaka imalowa pakhungu n'kukafika m'minofu yozungulira bondo, ndipo imene imafika m'magazi ndi pafupifupi 6 peresenti chabe poyerekeza ndi yakumwa. N'chifukwa chake bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, m'malangizo ake a mu Okutobala 2022 linati munthu wa osteoarthritis ya m'bondo ayambe wapatsidwa mankhwala opaka a banja limeneli, ndipo akumwa abwere pokhapokha opakawo akalephera, pa mlingo wochepa, kwa nthawi yochepa, pamodzi ndi mankhwala oteteza chifu. Akatswiri a American College of Rheumatology ananenanso chimodzimodzi mu 2019. Dokotala wanu pokulemberani yopaka anachita bwino.

Sindidzaiwala bambo wina wa kwathu, mlonda wa usiku, amene ankabwera pa kauntala yathu. Kathumba kake katauma anasiya gel n'kuyamba mapiritsi a diclofenac, ndipo ululu ukakula ankawonjezera ibuprofen wogula pa sitolo ndi timaufa ta mutu ta m'timapepala, osadziwa kuti mmenemo muli aspirin. Onsewo ndi a banja limodzi, ndipo ankawamwa ndi tiyi wopanda chotafuna pakati pa usiku. Tsiku lina anabwera atatsamira pa shelefu, milomo itayera, akuti akumva chizungulire. Nditamufunsa za kuchimbudzi anachita manyazi, kenaka anati kwa masiku anayi chimbudzi chake chinali chakuda bii ngati phula la pamsewu, chonunkha modabwitsa. Amenewo anali magazi ochokera m'chifu. Tinamuitanira ambulansi pomwepo, ndipo anakagonekedwa n'kuikidwa magazi. A medical aid analipira bilu yonse ya chipatala, chifukwa limenelo linali vuto ladzidzidzi la PMB. Analipira ndalama zochuluka zedi pa vuto limene likanapeweka ndi machubu ochepa. Bamboyo anachira, koma ndimamukumbukira nthawi iliyonse munthu akandiuza kuti, "Ndipatseni amene khadi ikulipirawo."

Sindikunena kuti mapiritsiwa ndi poizoni. Ali ndi malo ake, ndipo masiku ena bondo likatupa kwambiri dokotala angakulembereni a masiku ochepa ataona kaye BP ndi impso zanu. Koma amene asankhe zimenezo akhale dokotala, isakhale khadi.

Ndikuuzeninso zoona za gel, kuti mudziwe chimene mukugula ndi ndalama yanu. Si mankhwala ochiza. Sabwezeretsa chicherewecherewe chimene chinatha. Gulu la Cochrane litaunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2016 linapeza kuti pa anthu 10 opaka diclofenac kwa milungu 6 mpaka 12, pafupifupi 6 ululu wawo unachepa kwambiri, pamene pa anthu 10 opaka gel yopanda mankhwala anali pafupifupi 5. Kusiyanako kulipo koma n'kochepa. Ena imawathandiza zedi, ena ayi. Imagwira bwino pamene fupa lili pafupi ndi khungu, monga pa bondo ndi m'zala. Pa chiuno siifika, chifukwa mfundo ya pamenepo ili mkati mwa minofu yochindikala, ndiye kupaka pamenepo ndi kutaya ndalama.

Anthu ambiri amene amandiuza kuti gel sigwira ntchito, ndikawafunsa mmene amapakira, amandionetsa kadontho konga njere ya chimanga, kamodzi patsiku, pamene ululu wawapeza. Mlingo wa gel wamba ndi magalamu 2 mpaka 4 pa bondo limodzi, katatu kapena kanayi patsiku. Magalamu 4 ndi pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza. Pali ina yamphamvu kawiri imene imapakidwa m'mawa ndi madzulo basi. Khalani pansi, bondo likhale louma, pakani kutsogolo, m'mbali zonse ziwiri ndi kuseri, sisitani mpaka ilowe, sambani m'manja, ndipo dikirani kaye musanavale kapena kusamba. Muipatse sabata yathunthu mukupaka mosadumphitsa musanaiweruze. Tiwerengere limodzi: magalamu 2, katatu patsiku, mawondo awiri, ndi magalamu 12 patsiku. Chubu cha magalamu 100 chitha m'masiku 8, kutanthauza machubu pafupifupi anayi pamwezi. Mukuona chifukwa chake kathumba kaja kanauma msanga. Ambiri safunika kupaka chaka chonse. Osteoarthritis imakhala ndi nyengo zolusa ndi nyengo zogona, ndiye pakani mokwanira pamene yalusa, ikagona pumulani. Kapepala ka m'bokosi kamanena kuti musapitirire milungu iwiri kapena itatu musanaonane ndi dokotala, ndipo kwa munthu wa BP ngati inu malangizo amenewo ndi ofunika kuwatsata.

Musapake pa chilonda kapena pa khungu la zidzolo, musamange pulasitiki pamwamba, musaikepo botolo la madzi otentha. Ngati aspirin kapena ibuprofen anakuyambitsiranipo mphumu kapena kutupa nkhope, gel imeneyi si yanu. Amayi oyembekezera asaigwiritse ntchito m'miyezi itatu yomaliza. Ndipo musamapake gel kwinaku mukumwa ibuprofen tsiku ndi tsiku poganiza kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mafuta otentha aja a fungo lamphamvu, okhala ndi menthol kapena methyl salicylate, ndi otsika mtengo ndipo ambiri amawakonda chifukwa amamveka kutentha pakhungu. Umboni woti amathandiza nyamakazi yokhalitsa ndi wofooka. Ngati amakupatsani mpumulo usiku sindingakuletseni, kupatula ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa methyl salicylate imatha kuwonjezera kutaya magazi. Palinso mafuta a capsaicin, opangidwa kuchokera ku chimene chimawawitsa tsabola, amene ena amawathandiza pa bondo akapirira kuwotcha kwa masiku oyamba. Mapiritsi a glucosamine amene amadzaza mashelefu, NICE inati asamaperekedwe pa osteoarthritis chifukwa palibe umboni wokwanira woti amathandiza. Ngati mukuwagula, ndalama imeneyo ipititseni ku gel.

Chimene chimathandiza bondo kwambiri kuposa chubu chilichonse ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu, ndipo ngati thupi ndi lolemera, kulichepetsa. Malangizo a NICE omwe aja amati kuchepetsa thupi kulikonse kumathandiza, koma kuchotsa 10 peresenti ya kulemera kwanu kumathandiza kuposa kuchotsa 5 peresenti. Ngati m'thumba lanu mwatsala ndalama pang'ono, ine ndikanakonda muiwonongere kwa physiotherapist, katswiri wa mafizo, kawiri kapena katatu kuti akuphunzitseni zolimbitsa thupi zoyenera, zimene mudzapitiriza nokha kunyumba. Masiku oyamba bondo limawawa kwambiri, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti akuliwononga. Pitirizani. Gel ija ntchito yake yabwino ndi kukuchepetserani ululu kuti muthe kuchita zimenezi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mutsimikize, chifukwa chingasinthe nkhani yonse. Bwererani kwa dokotala mukamufunse kuti, "Nyamakazi yanga ndi iti, ndipo mwalemba nambala yanji?" Pa osteoarthritis bondo limauma m'mawa kwa mphindi zochepa, zosapitirira 30, ndipo limawawa mukaligwiritsa ntchito. Ngati inu mumauma kwa ola lathunthu kapena kuposa, ngati mfundo za zala ndi za pamkono zimatupa mbali zonse ziwiri, ngati mumatopa popanda chifukwa, muuzeni dokotala zimenezo ndipo mupemphe kuyezedwa magazi: rheumatoid factor, anti-CCP, ESR ndi CRP. Zikapezeka kuti ndi rheumatoid arthritis, gel si chithandizo chake. Pamafunika mankhwala oletsa matendawo kuwononga mafupa, monga methotrexate, sulfasalazine kapena chloroquine, ndipo akayambidwa msanga manja amapulumuka. Pamenepo lamulo lili kumbali yanu. Dokotala amadzaza fomu yolembetsa matenda okhalitsa, ndipo a medical aid ayenera kulipira kuyeza, mankhwala ndi kuonana ndi dokotala kuchokera ku thumba lalikulu. Saloledwa kutenga ndalama ya PMB mu savings yanu. Amaloledwa kukuuzani famase kapena dokotala woti muzipitako, ndiponso kukhala ndi mndandanda wawo wa mankhwala, ndipo mukasankha kwina mwa kufuna kwanu mumawonjezera ndalama. Koma ngati mankhwala a pa mndandanda wawo alephera kapena akukuvulazani, dokotala akalemba kalata yofotokoza, ayenera kulipira ena oyenera popanda kukulipiritsani chilango.

Chonde musapemphe dokotala kuti alembe M06 pamene muli ndi M17 kuti khadi ilipire. Anthu amandipempha zotere. Ndi chinyengo, ndipo nambala yabodzayo imakutsatirani m'mafayilo anu moyo wonse.

Ngati mwaona kuti akukanizani chimene pulani yanu kapena lamulo limakupatsani, yambani ndi kudandaula kwa a medical aid omwewo polemba kalata. Zikakanika, pitani ku Council for Medical Schemes, bungwe la boma loyang'anira ma medical aid onse. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo iwo akatumiza dandaulo lanu, a medical aid amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe. Sungani malisiti onse. Bilu iyenera kutumizidwa isanathe miyezi inayi kuchokera pa tsiku la chithandizo, apo ayi amaikana kuti yachedwa. Ngakhale pamene mukulipira nokha, pemphani a famase atumizebe biluyo, kuti ioneke pa satifiketi ya msonkho imene a medical aid amapereka pachaka. A SARS, bungwe lotolera msonkho kuno, amawerengera mankhwala olembedwa ndi dokotala amene munalipira nokha, pamene odzigulira popanda kalata sawawerengera. Kwa munthu wosafika zaka 65 phindu lake limayamba pokhapokha zowonongazo zikapitirira 7.5 peresenti ya ndalama zimene amakhomera msonkho, ndiye musayembekezere zambiri, koma ndi chifukwa china chokhalira ndi kalata ya dokotala.

Yang'ananinso khadi yanuyo bwino. Abale athu ambiri kuno ali ndi zimene amazitcha medical aid pamene ndi inshuwalansi wamba ya zaumoyo, yotsika mtengo, imene imalipira kuonana ndi dokotala kangapo kapena kupereka ndalama munthu akagonekedwa. Imeneyo si medical scheme, kutanthauza medical aid yolembetsedwa pansi pa lamulo lija, ndipo malamulo a PMB saikhudza. Pa mapepala ake pamalembedwa mawu onena kuti si medical scheme. Ngati yanu ndi yotero, zimene ingalipire ndi zokhazo zimene zalembedwa m'pangano lanu. Kumapeto kwa chaka, pamene ma medical aid amalola kusintha pulani kuti yatsopano iyambe mu Januwale, khalani pansi ndi malisiti a chaka chino. Kawirikawiri kukwera pulani chifukwa cha gel yokha sikupindulitsa, chifukwa ndalama yowonjezera pamwezi imaposa mtengo wa machubuwo.

Za amayi anu ku Dedza, ndikumvetsa mtima wanu, tonse tili kuno timaganiza za makolo. Koma khadi yanu ndi ya inu ndi anthu amene analembetsedwa pa iyo basi. Kutengera munthu wina mankhwala pa dzina lanu ndi chinyengo, ndipo akazindikira angathe kukuchotsani ndi kukulipiritsani zonse. Ngati mukufuna kuwatumizira, gulani ndi ndalama yanu, kapena atumizireni ndalama akagule ku famase yovomerezeka konko, chifukwa diclofenac yopaka imapezeka m'mafamase a ku Malawi. Musanatero, apite kaye ku chipatala cha boma cha Dedza kapena ku chipatala chaching'ono cha pafupi akaonedwe bondolo, akayezedwe BP ndi shuga, chifukwa mayi amene mwana wake ali ndi zaka 58 ndi wamkulu ndithu, ndipo impso za msinkhu umenewo sizipirira zambiri. Muwafunsenso pa foni kuti akumwa chiyani panopa. Agogo ambiri kumudzi amagula indocid, brufen ndi diclofenac, onse a banja lomwe lija, pa golosale kapena pa msika n'kumamwa onse pamodzi tsiku ndi tsiku, ndipo ngati amayi anu akuchita zimenezo, kuwasiyitsa n'kofunika kuposa chubu chimene mungatumize. Muwauzenso, ndipo inunso musunge mawu amenewa, kuti bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, n'kufiira, munthu akumva malungo ndipo sakutha kuliponda, asapakepo kanthu n'kudikira. M'bondomo mungathe kukhala mutalowa tizilombo, ndipo ayenera kufika ku chipatala tsiku lomwelo.